Tsiku Limene Mtengo Unakana Kugwa

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Ameni wanuyo wamveka ngati wa anthu amene sanadye. Ndibwereze: moni m'dzina la Yesu. Eya, tsopano ndamva.

Ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri mukundidziwa, koma ndikuona alendo ochokera ku Insaca kumbuyoko, ndiye ndidzitchule. Ine ndine Tomasi, mmisiri wosema mabwato. Masiku ano anthu akumanditchula kuti a Mbawa, ndipo sindikwiya. Mumva chifukwa chake.

Ndiyambire kutali pang'ono, mundipirire. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu, tinathawa ine, ana awiri, ndi mayi akunyumbawa amene akhala apowa, ali ndi pakati potopa. Tinafika m'mbali mwa nyanja ya Chiuta dzuwa likutuluka, mfuti zikumveka kumbuyo kwathu. Mabwato onse anali atapita kale ndi anthu. Panatsala msodzi mmodzi, Msilamu, dzina lake Che Bwanali. Sankatidziwa, ife sitinkamudziwa. Kabwato kake kanali kakang'ono, kodzaza ndi ukonde. Anatiyang'ana, anayang'ana mimba ya mayiwa, kenako anatenga ukonde uja n'kuuponya m'bango kuti tipeze pokhala. Abale, inu a kunyanja mukudziwa kuti ukonde ndi munda wa msodzi. Iye anautaya, n'kutipalasa mpaka tsidya la Malawi, mayiwa akukapa madzi ndi mbale njira yonse.

Titatsika ndinalibe chomupatsa. Ndinamugwira dzanja, ndinati, "Bambo, ine ndine mmisiri. Mulungu akadzatibweza kwathu, ndidzakusemerani bwato lalikulu loti nyanja ino sinalionepo." Ndinalumbira potchula dzina la Mulungu. Iye anangoti, "Mulungu akalola," n'kubwerera kukatenga ena. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kabwato kaja asilikali anakatentha.

Mtendere utabwera tinabwerera. Amene munabwerera nafe mukukumbukira zimene tinapeza: nyumba zitagwa, njira zitatsekeka, malo ako umawazindikira ndi mtengo wa mango basi. Koma m'mbali mwa mtsinje wathu mitengo inali itanenepa, poti zaka zonse zija kunalibe nkhwangwa. Ndipo msodzi aliyense wobwerera ankafuna bwato, chifukwa akale anapsa, ena anaola. Ntchito inandipeza ndili m'nyumba. Ndinadula, abale. Ndinadula, ndinadula. Sindinali ndekha ayi, ena ankatsegula mashamba, minda yatsopano, ena ankafuna nkhuni zowambira nsomba, koma mitengo ikuluikulu ija ya m'mbali mwa madzi, wogwetsa ndinali ine. Ndipo ndinkanyada nazo. Ndinkati dziko tikulimanganso.

Mtengo umodzi wokha ndinausunga: mbawa yaikulu ija ili pamwamba pa kasupe. Ndinati uwu ndi wa Che Bwanali. Ife amisiri tili ndi mwambo wathu, ukasankha mtengo umautema mabala ako pakhungwa, ndipo mmisiri wina akawaona amalambalala. Anga ndi mabala atatu. Ndinaitema mbawa ija chaka chomwe tinabwera, koma sindinaidule msanga, chifukwa bwato la msinkhu umenewo limafuna amuna ambiri olikoka mpaka kunyanja, ndipo amunawo uyenera kuwadyetsa. Ndinkadikira chaka cha zokolola zambiri.

Chakacho sichinabwere. Mvula inayamba kutisewera. Imachedwa, ikabwera imagwa yaukali sabata imodzi n'kukokolola mizere, kenako zii, chimanga chili m'mawondo. Mtsinje umene kale unkafika mpaka dzinja lina unayamba kuuma tisanamalize n'kukolola komwe. Zitsime zinauma. Nyanja inayamba kuthawa dooko. Madzi anatsala pa kasupe paja pokha, pansi pa mbawa.

Che Bwanali sanandifunsepo za bwato ngakhale tsiku limodzi. Bola akanandifunsa. Tikakumana pamsika ankangondipatsa moni, n'kundiikira matemba m'thumba kuti ana akadye. Ankapha nsomba ndi bwato lobwereka, kugawana ndi mwini wake, munthu wamkulu ngati uja. Ine manyazi ankandidya. Ndinkayamba kulambalala njira ndikamuona patali. Mapeto ake ndinati basi, njala kaya isakhale njala, mwezi wa mawa ndikudula.

Mayi akunyumbawa anandifunsa, "Bambo, mukadula mtengo uja, tizikatunga kuti?"

Ndiulule pamaso panu mmene ndinawayankhira. Ndinati, "Madzi amapereka ndi Mulungu, si mtengo. Munthu uja anakuwolotsa iwe uli ndi mimba, lero ukumumana chikuni?" Anatenga mtsuko wawo n'kupita kukatunga. Ndimawadziwa mayiwa, sikuti anavomera.

Inetu ndinali ndi chiphunzitso changachanga. Ndinkati chilalachi ndi chilango cha magazi amene anakhetsedwa pankhondo, ndiye chofunika n'kupemphera basi. Popempherera mvula, wofuula kwambiri m'tchalitchi muno ndinali ine, abusa ndi mboni. Ndinkachita kumukalipira Mulungu: Ambuye, mwatichotsa kunkhondo kuti mudzatiphere kuno ndi ludzu? Lamlungu kufuula, Lolemba nkhwangwa paphewa. Sindinkaona cholakwika.

Ndi nthawi imeneyo pamene Mayi Luwiza, otsogolera kwaya yathu, anabwera ndi nkhani ya sewero. Iwo anaphunzira zisudzo kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Anati tipange sewero loti mawu onse akhale oimba, ndi ng'oma ndi visekese, lonena za munda umene Mulungu anapatsa munthu kuti aulime ndi kuusunga. Anatiuza kuti nyengo yasokonekera dziko lonse, si kuno kokha, ndipo utsi wa mafakitale a kutali uli ndi mbali yake yaikulu. "Kumeneko manja athu safika," anatero, "koma pamtsinje wathu amafika. Mwini munda akadzabwera adzatifunsa za pamene manja athu amafika."

Ine ndinakondwa, poti kuimba ndimakukonda, ndipo besi yanga mukuidziwa. Ndinati, "Mayi, ine mundipatse mawu a Mulungu." Anakana. Ndinati, "Chabwino, ndikhale wodula mtengo, nkhwangwa ndimaidziwa." Anakananso. Nkhwangwa anapatsa alamu anga a Zakariya, atelala, munthu woti chibadwire sanadulepo kanthu kolimba kuposa nsalu. Musabise nkhope alamu, ndi zoona. Ine anati, "A Tomasi, inu ndinu wamtali. Mukhala mtengo."

Mtengo, abale. Bambo wa ana, kumukulunga nsalu ya kapulana yofiirira kuyambira m'khwapa mpaka kumapazi, kumugwiritsa nthambi m'manja, n'kumuuza kuti aime manja ali m'mwamba mpaka sewero lithe. Ndinafuna kusiya kwaya. Koma ndinaona kuti mtengowo uli ndi nyimbo yakeyake yoimba wokha, ndiye ndinatsala.

Pa ensayo yoyamba, pokonzekera paja, alamu anabwera ndi nkhwangwa yawo yamtengo yochitira sewero, akuitukula ngati akufuna kupha njoka. Mtima unandikana. Ndinatsitsa nthambi, ndinati, "Alamu, mtengo sadula choncho. Muyambe mwaona kumene wapendekera. Muteme kamwa mbali imene ugwere, kenako muzungulire kumbuyo." Ndinawalanda nkhwangwa n'kuwaonetsa bwinobwino. Mayi Luwiza anangondiyang'ana, anati, "A Tomasi, chiyambire sindinaone mtengo ukuphunzitsa nkhwangwa." Kwaya yonse inagwa nako kuseka. Inenso ndinaseka, osamva kanthu.

Ndipo kugwa ndinkakudziwa. Sewero linkati nkhwangwa ikatema kachitatu, mtengo ugwe, kenako amayi a mitsuko alowe akulira kuti madzi apita. Ine ndaona mitengo yambiri ikugwa, ndiye ndinkayamba ndi kunjenjemera kunsonga, kulira pang'ono ngati thabwa, kupendekeka, kenako khu. Titasewera pabwalo la tchalitchi pano munaomba m'manja, ena munati a Tomasi amagwa bwino. Ndinapita kunyumba ndikunyada. Nkhwangwa yanga yeniyeni inali itanoledwa kale, ikudikira kuseri kwa chitseko.

Kenako abusa anakapempha kwa ashehe ndi akuluakulu a kunyanja kuti tikaonetse seweroli kumudzi wa asodzi. Anatilola, anati madzi ndi nkhani ya tonse. Tinapita masana, anthu atatuluka ku swala kumzikiti. Anatipatsa malo padooko. Koma dookolo linali dzina chabe, madzi anali kutali koti umachita kuphimba maso ndi dzanja kuti uwaone. Pansi panali matope ong'ambika. Mabwato anali atagona pamatopepo, ndipo anthu anakhala pamabwatowo ngati mabenchi.

Mvetserani apa, abale, chifukwa ndi pamene Mulungu anandigwirira. Munthu wosewera mbali ina amayenda, amavina, amatembenuka. Mtengo suyenda. Unaima pamene anakuimika, maso kutsogolo. Ndiye ndinaima, manja m'mwamba, ndikuyang'ana mabwato aja. Mmisiri amadziwa dzanja lake, ndipo ine kumutu kwa bwato lililonse ndimasiya mabala anga atatu. Ndinayamba kuwaona. Ili langa. Ilo langa. Ilo uko, limene mwakhala amayi atatu, langa.

Ndipo sindinkaonanso mabwato ayi. Ndinkaona mitengo. Uwu unali powolokera mtsinje, pamene amayi ankachapira. Uwu unali ndi njuchi, tinachita kuzifukiza. Uwu ndi umene tinapumapo tsiku lobwerera kuchokera ku Malawi, mayiwa anayala nsalu pamthunzi pake n'kuyamwitsa mwana. Mtsinje wathu wonse, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, unali utagona pamatope ouma, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Ndinausema kuti uyende pamadzi, ndipo madziwo panalibe.

Kutsogolo kwenikweni kunakhala Che Bwanali. Iye yekha anakhala pansi, pafumbi, chifukwa analibe bwato loti akhalire.

Nthawi ya nyimbo yanga inakwana. Ndinaiimba kambirimbiri pa ensayo, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaimva. Imati:

Anandibzala si iwe, mwana wa munthu,
ndinakupeza ndi ludzu, ndinakusungira madzi.
Mwini munda akadzafunsa za ine,
udzamuonetsa chitsa, udzati chiyani?

Alamu analowa ndi nkhwangwa, akuvina monga tinaphunzirira. Anayang'ana kumene ndapendekera, monga ndinawaphunzitsira ndekha. Anatema koyamba. Anatema kachiwiri. Anatema kachitatu, ng'oma inagunda ya kugwa ija.

Sindinagwe.

Sikuti ndinaganiza kuti ndisagwe ayi. Miyendo inangokana. Mumtima munabwera mawu amodzi okha: ukagwa pano, mawa ukagwetsa mbawa. Kwaya inabwereza kolasi, kuganiza kuti ndaiwala. Alamu anatema kachinayi, akundinong'oneza, "Alamu, igwani, yakwana." Anatema kachisanu. Anthu anayamba kuseka. "Alamu, mukundichititsa manyazi pamaso pa eni mudzi, igwani." Amayi a mitsuko anali ataima kumbali, okonzeka kulira, koma wolira anali mtengo. Misozi inkatsikira m'kapulana, ndipo sindikanatha kuipukuta poti manja anali ndi nthambi.

Mayi Luwiza anakweza dzanja, ng'oma zinaleka. Kuseka kunatha. Ndinalankhula osaimba, nthambi zili m'mwamba chomwecho. Ndinati, "Che Bwanali, inu munataya ukonde wanu kuti banja langa likhale ndi moyo. Ndinakulonjezani bwato, ndinatchula dzina la Mulungu. Mtengo wake ulipo, watsala umodzi, uli pa kasupe. Ndikaudula ndapha kasupe. Ndikausiya ndine wabodza kwa inu ndi kwa Mulungu. Ine nzeru zandithera. Ndiweruzeni ndinu."

Mkulu uja anadzuka pang'onopang'ono ndi ndodo yake. Anandizungulira ngati munthu wofuna kugula mtengo, mpaka anandigogoda m'nthiti ndi ndodo kuti amve ngati ndili ndi mphako. Ena anaseka. Kenako anati, "Che Tomasi, mbawa mukunenayo ndi ija ili ndi mabala atatu?"

Ndinati, "Ndi yomweyo."

"Ndiye kuti ndi yanga?"

"Ndi yanu, bambo."

Anatembenukira kwa akazi ake, amene anakhala pakati pa amayi. "Amayi, madzi amene ndasamba lero popita kukaswali munatunga kuti?"

Iwo anati, "Pa mbawa. Zitsime za kuno zachita mchere, mwezi wachitatu uno tikutunga kumeneko."

Ine sindinkadziwa zimenezo, abale. Kutunga madzi sinali ntchito yanga, ndiye sindinkadziwa amene amamwa pa kasupe paja. Mayi akunyumbawa ankadziwa, amakumana nawo m'mawa uliwonse, koma ndinali nditawatseka pakamwa.

Che Bwanali anati, "Ndiye mverani, ndipo anthu onsewa akhale mboni. Bwato langa ndalandira lero. Koma mwini wake ndine, ndipo ndikuti lisiyeni liime pomwe lililipo. Kabwato kanga kogona kaja kanawolotsa anthu ochepa. Ili loimirirali likuwolotsa midzi iwiri pachilala. Munthu aliyense wolikhudza ndi nkhwangwa wandibera ine." Atatero anandigwira pamkono, anati, "Tsitsani manja, Che Tomasi, mwatopa."

Ndinatsitsa. Abale, katundu amene ndinasenza kuyambira tsiku lija la m'bango anatsika limodzi ndi nthambi zija. Ndinakondwa, ndinachita manyazi, zonse nthawi imodzi. Sewero silinathe monga analikonzera. Mayi Luwiza anangoyambitsa nyimbo yomaliza, ya mwini munda akubwera, ndipo amayi a kunyanja analowa m'bwalo n'kuvina limodzi ndi amayi athu a mitsuko.

Titafika kunyumba ndinapepesa mayiwa. Ndinati, "Munanena zoona, ine ndinakuyankhani mwachipongwe." Anati, "Ndamva. Mawa mutenge ndowa mukaone nokha." Ndinapita, mwamuna ndekha pamzere wa amayi, ndipo anandiseka mokwanira. Koma ndinaona mmene madzi amatulukira pakati pa mizu, ozizira, pamene ponse pozungulira pali fumbi.

Mwina wina akufunsa kuti nanga mmisiri akudya chiyani tsopano. Funso limenelo linandisowetsa mtendere inenso. Koma mabwato onse aja anali atang'ambika ndi dzuwa, ndipo wodziwa kuwamata ndi yemwe anawasema. Lero ntchito yanga ndi zigamba ndi phula. Sizilemeretsa, koma sitinagone ndi njala. Bwato lina lakale limene mwini wake analitaya ndinalikonza bwinobwino, ndipo ndi limene Che Bwanali akuphera nsomba, osagawananso ndi munthu.

Mbawa ija imagwetsa njere zamapiko. Kale ndinkaziponda. Tsopano timatola ine ndi mayiwa, timafesa m'zitini, timakabzala m'mbali mwa mtsinje pafupi ndi zitsa zimene ndinasiya. Mitengo yambiri inafa, ina mbuzi zinadya, ndipo mwini mbuzizo ali muno koma sindimutchula, lero ndi tsiku la chikondwerero. Ina yagwira, yafika m'chiuno.

Ndisakunamizeni kuti mvula inabwerera chifukwa Tomasi analapa. Dzinja lapitali inagwa bwinoko, madzi afikanso pafupi ndi dooko, tikuthokoza. Koma nyengo ikadali yosadalirika, ndipo za chaka chamawa akudziwa ndi Mulungu. Chimene ndikuchitira umboni n'chakuti kasupe sanaume. Chimene ndikuchitira umboni n'chakuti Mulungu anandimasula ku lumbiro limene likanapha madzi a midzi iwiri, ndipo anandimasula kudzera pakamwa pa munthu amene sapemphera nafe muno. Ine ndinkamufuulira kuti ayankhe kuchokera kumitambo. Iye anandiveka kapulana, anandiimika padzuwa, anati ona.

Sewero lija tikupitabe nalo m'midzi, Loweruka likubwerali tili ku Amaramba. Koma Mayi Luwiza analisintha. Tsopano mtengo sugwa, wodula uja ndi amene amagwada n'kutula nkhwangwa. Alamu akudandaula kuti ndinawalanda ulemerero, koma kugwada akukutha bwino kuposa kudula.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatiwolotsa kawiri. Ndikuthokoza abusa, ndikuthokoza kwaya. Pakhomo potulukira paja mupeza zitini za mbande za mbawa, banja lililonse litenge chimodzi, n'zaulere. Ine sindidzakhala pamthunzi wa mitengo imeneyi, ndipo nkhwangwa yanga sidzaikhudza. Mupezanso dengu la matemba. Atumiza ndi Che Bwanali, ati mpingo udye, ndipo andituma kuti ndikuuzeni kuti bwato lawo likuyenda bwino.

Tsopano ndikupempha, musandisiye ndikondwere ndekha. Imirirani nonse, wa ng'oma gwira ng'oma yako. Mayi akunyumba, nthungululu muyambitse ndinu, poti munaona ndinu poyamba ine ndili wakhungu. Kwezani manja m'mwamba timutamande Ambuye, ndipo musaope kutopa, ine ndinayesa kale, munthu safa nazo. Aleluya. Ameni.